Mpando wa Atate Pamsewu

Chicago
Febuluwale

Wokondedwa mng'ono wanga Ozella,

Landira moni wanga, iwe ndi onse a pakhomopo. Kodi bondo lija likukulola kuyenda tsopano? M'kalata yako unangolemba kuti pang'onopang'ono, ndipo ine ndimakudziwa: ukatero ndiye kuti ndodo ukumaisiya m'galimoto polowa m'tchalitchi kuti anthu asaione. Undiuze zoona. Ine thupi lili bwino, mankhwala ndikumwa m'nthawi yake. Mtedza wa mumtengo wa kuseri uja unafika. Mwa timatumba tinayi, kamodzi kanang'ambika panjira, koma sunatayike wambiri. Zikomo.

Za sinowo zimene munaona pa kanema ndi zoona. Ndinatuluka ndi ndodo yanga yoyezera ya kusukulu ija n'kuyeza pakati pa bwalo, pomwe mphepo siunjikapo, ndipo ndinapeza mainchesi makumi awiri ndi imodzi. Akhonsolo anachita monga mwa masiku onse. Anayamba ndi misewu ya mabasi, kukankha sinowo ndi kuthira mchere kuti asungunuke, ife a timisewu ta m'kati tikudikira. Chigalimoto chokankha chitafika kwathu chinangodutsa pakati kamodzi, n'kusiya mizere iwiri ngati ya mbatata, yokwirira magalimoto athu mpaka m'mawindo. Kanjira ka oyenda pansi ka pakhomo ndi ntchito ya mwini nyumba, ndipo wozengereza amamulembera chindapusa. Kanga ndinakamaliza tsiku lomwelo. Ndimadula sinowo m'mabenthu ngati keke, kunyamula, kupuma, kunyamulanso. Msana sunadandaule kwambiri.

Koma si zimenezi zandikhazika pansi kuti ndilembe. Ozella, mpando wa atate wapita.

Ukukumbukira utabwera kumaliro a mlamu wako Alton, tikuchokera kumanda unaona mipando, zidebe ndi matabwa ositirapo zitandandalika m'mbali mwa msewu, ndipo unandinong'oneza kuti kodi anthu akuno amadyera panja m'chisanu chotere. Ndinaseka koyamba sabata imeneyo. Mwambo wake sunasinthe. Ukafukula malo oimikapo galimoto ndi fosholo yako, malowo ndi ako. Pochoka umaikapo chinthu, ndipo munthu woleredwa bwino sachisuntha. Si lamulo lolembedwa. Akhonsolo amatsinzina kwa kanthawi, kenako amatumiza lole ya zinyalala kudzasesa zonse.

Earline Gaskin ukumudziwa, wa nyumba yopenyana ndi yanga, uja unamusiyira bedi lako pa msonkhano wa banja chaka chatha. Ndiye mtsogoleri wa kabungwe kathu ka eni nyumba, choncho nkhani za akhonsolo zimayambira kwa iye. Amuna ake, a Roscoe, impso zinaleka kugwira ntchito, ndipo amawatengera kuchipatala katatu pa sabata kukatsukidwa magazi. Pobwerako amakhala ngati chovala chofinya. Earline phewa lake ndi lija lovuta. Ndiye nditamaliza kufukula galimoto yanga ndinawoloka n'kufukulanso yake. Sanandipemphe. Chiyambire kudwala kwa a Roscoe ndimatero, ndipo ino ndi nyengo yachisanu ya chaka chachinayi.

Poyamba pamalo pakepo anaikapo kireti ya pulasitiki. Munthu wina wochokera kumsewu wina anaiponya pamulu wa sinowo n'kuimikapo chigalimoto chake. Tsiku limenelo a Roscoe anatsikira kumapeto kwa msewu, n'kuyenda pa madzi oundana atakolekera m'mapewa mwa ife awiri. Anagwa kawiri. Pamenepo ndi pomwe ndinalowa m'nyumba n'kutulutsa mpando wa atate.

Usayambe kundikalipira, tamva kaye. Mpandowo msewu wonse ukuudziwa. Alton anayamba kuuika pamalo pathu ana ali aang'ono, ndipo theka la amuna a ndevu a muno anadutsa m'kalasi mwanga. Amautcha mpando wa aphunzitsi. Mlendo akafuna kuusuntha, wina amatsegula windo n'kumufunsa ngati watopa nawo moyo. Zaka zonsezi palibe anaugwirapo. Pamalo panga ndinaikapo thabwa lositirapo, mpando n'kuupereka kwa Earline. Anandikumbatira, nati ndine mchemwali wake wa bere limodzi, kungoti tinabadwira m'nyumba zosiyana. Ndinamuuza chinthu chimodzi chokha, kuti akadzamva za lole adzandiuze. Anati nanga angauze ndani woyamba kuposa ine.

M'mawa uliwonse ndikamamwa khofi pawindo ndimawerenga za mumsewu, ukudziwa kuti ndinabadwa wotero. Zosungira malo zinkakhala khumi ndi zisanu ndi zinayi. Lachinayi lapitali ndinawerenga n'kupeza zitatu: mpando wa atate pamalo pa Earline, amene anali atapita kale kuchipatala, thabwa langa lodikira pambali pa galimoto yanga, ndi tayala lakutha lopanda mwini. Ndinawerenganso, zitatu zomwezo. Ndinaganiza kuti mwina anthu atopa nazo poti dzuwa linali litayamba kuoneka. Samu ndinaikhoza, Ozella, koma funso lake sindinalimve. Ndinavala chikhoto changa, kuika thabwa pamalo panga, n'kupita kutchalitchi kukagawa chakudya monga ndichitira Lachinayi lililonse.

Pobwerako masana msewu unali woyera, wopanda ngakhale chidebe. Chigalimoto chokankha chinali chitadutsa mpaka m'mphepete. A Hosea Whitlow, aja ankayendetsa basi, anali pakhonde pawo. Atandiona ndikuyang'ana uku ndi uku anandifunsa ngati aphunzitsi ataya choko. Nditatchula mpando, kuseka kunawathera. Akuti anauona ukuponyedwa m'lole, anathamanga ndi masilipasi akukuwa kuti umenewo ndi wa aphunzitsi, koma chitsulo chopsinja zinyalala chinali chitatsika kale. Akuti unangolira kamodzi ngati nkhuni youma. Antchito a lolewo anapepesa, koma iwo anangotumidwa, ndipo sindikuwaimba mlandu.

Kenako a Whitlow anandiyang'anitsitsa n'kufunsa ngati Earline sanandiimbire, poti iwo anawaimbira dzulo lake kuti alowetse zawo. Akuti m'mawa ataona mpando uli pomwepo anangoganiza kuti ndausiya dala, ndikufuna kuyesana mphamvu ndi akhonsolo, popeza nanenso ndine wouma mutu kuposa bulu wa agogo awo.

Sindiweruza ndi mboni imodzi. Ndinagogoda khomo ndi khomo. Mumsewu mwathu muli nyumba makumi awiri ndi zinayi, ndipo makumi awiri ndi ziwiri zinalandira foni. Zotsala ndi ziwiri, ya Earline ndi yanga.

Ndinamupeza kukhitchini kwake, a Roscoe atagona. Ndinakhala chiimirire. Ndinamutchula kuti Mayi Gaskin, dzina limene sindinamuitanepo nalo chikhalire, ndipo anaika supuni pansi. Anavomera kuti anaimba yekha ku ofesi ya akhonsolo kupempha kuti adzachotse zinthu mumsewu, chifukwa unali utapanikizika moti ambulasi sikanadutsa a Roscoe atadwalika. Pamenepo ndinamuuza kuti anachita bwino, nanenso ndikanatero. A ku ofesiwo anamuuza tsiku, koma ola sanamuuze. Ndiye ndinafunsa kuti nanga ine bwanji.

Anati akanandiuza ndikanatenga mpando wanga Lachitatu lomwelo, ndipo pobwera kuchipatala akanapeza malo atalandidwa, a Roscoe n'kuyendanso pa madzi oundana. Anati lole nthawi zambiri imafika chakumadzulo, ankayesa kuti abwera isanafike n'kuulowetsa yekha, ine osadziwa kanthu. Kungoti kuchipatala makina otsukira magazi anachedwa kuwapeza.

Ndinamufunsa kuti analekeranji kuikapo wake tsiku limodzi lokhalo. Anati mpando wake wopindapinda anthu akanauponya ngati kireti ija. Ndinaloza kuchipinda chodyera. Mipando ija unaiona, ya nsalu yachikasu, yokutidwa ndi pulasitiki, imene ngakhale abusa sanakhalepo. Ndinaiwerenga ali pomwepo: isanu ndi itatu, m'nyumba ya anthu awiri. Anayankha msanga, mawu atatsogola nzeru zili m'mbuyo, kuti imeneyo ndi seti, ukachokapo umodzi yonse yawonongeka. Atadzimva yekha anagwira pakamwa. Kenako anayamba kulira, nati anali mpando wakale, andigulira wina wabwino kuposa uja. Ndinamufunsa kuti ndi sitolo iti imene atate akugwirako ntchito masiku ano, ndikaone. Ndinatuluka.

Iwe wekha ndiye ungamvetse. Luzi lolukira pokhalapo tinakasenda tokha kudambo, iwe ukulira kuti udzudzu ukukonda iwe yekha. Atate anapanga iwiri, n'kuzokota V pansi pa wina ndi O pansi pa wina, kuti tisadzalimbirane tikadzakwatiwa. Wanga ndinabwera nawo pa sitima, ndikukangana ndi kondakitala amene ankati ulipire ngati munthu. Ana anga onse atatu ndinawayamwitsira pamenepo.

Chikundiwawa si chakuti anasankha amuna ake. Mkazi aliyense akanatero. Akanawoloka msewu n'kundiuza kuti Vernice, lole ikubwera mawa, koma ndikuopa za Roscoe, mwina ndikanati mpando ukhale pomwepo, ndipo ndikanasiya zakutchalitchi n'kukhalapo ndekha pamsewupo mpaka abwere. Ndani akananyamula mpando ine nditakhalapo? Koma sanandipatse mpata wosankha. Anakhala ndi foni m'manja, kuimba khomo ndi khomo, atafika pa dzina langa n'kulidumpha. Amayi ankati wakutsina khutu ndi mnansi. Iye anatsina msewu wonse, langa n'kulisiya.

Loweruka anasiya keke ya mbatata pakhonde panga. Ndinaipereka kwa a Whitlow, amene anati ngati mikangano yathu izibala zotere, asatiyanjanitse munthu. Mbale ndinatsuka n'kukaisiya pakhonde pake. Lamulungu ndinakhala benchi ina.

Lolemba sinowo anagwanso, mainchesi asanu ndi awiri. Ndinafukula galimoto imodzi, yanga yokha. Dzulo m'mawa, tsiku la a Roscoe, ndinaona pawindo Earline akulimbana ndi fosholo ndi dzanja limodzi, kenako matayala akungozungulira pamalo amodzi. A Roscoe anali ataima pakhonde atafunda bulangete, akudikira. Iwo sanandilakwire. Ndinaliza galimoto yanga, kuimika pakhomo pawo, n'kuwauza kuti akwere. Earline anagwira chitseko cha kumbuyo. Ndinamuuza kuti kumbuyoko kuli matumba a mchere, zomwe zinali zoona, analipo atatu. Anachotsa dzanja.

Panjira a Roscoe anati iwo sankadziwa kanthu, ndipo mkazi wawo sakudya. Ndinati msewu ukuterera, andilole ndiyendetse. Kenako iwo anati zaka zonsezi akhala akulamulidwa ndi amayi awiri ogwirizana, tsopano boma lagawanika, amvere liti? Ndinatsala pang'ono kuseka. Ndinawauza kuti amvere adokotala.

Pochoka sindinasiye kanthu pamalo panga, poti thabwa lija linapita ndi lole yomweyo. Ndinkadziwa kuti ndikapeza wina ataimikapo. Pobwerako ndinatsitsa a Roscoe pakhomo pawo, Earline n'kuwalandira maso ali pansi. Nditatembenuka ndinaona kuti malo anga alipo. Pakati pake panali mpando wachikasu umodzi, pulasitiki atachotsa, sinowo akuugwera pansalu. A Whitlow akuti Earline anaunyamula yekha ndi phewa lakelo, ndipo sanalole kuti amuthandize.

Ndinausuntha n'kuimika galimoto. Ndinakhala m'galimotomo ndikuuyang'ana mpaka zala zinayamba kuzizira. Kenako ndinausansa, kuupukuta ndi mpango wanga, n'kuwoloka nawo msewu. Ndinauika pakhonde pake, pomwe denga limatchinga. Mpando ulibe mlandu. Seti yake yakwananso, isanu ndi itatu. Sindinagogode.

A Roscoe ndiziwatengabe kuchipatala mpaka sinowo asungunuke. Zimenezo ndi za ine ndi iwo.

Tsopano pempho langa, ndipo ndi limodzi. Ndikudziwa kuti ukangofika pamzere uno uyamba kufunafuna katoni yoti unditumiziremo mpando wako. Usatero. Ndikupempha kuti uuchotse pakhonde paja pomwe mvula imauwaza ndi pomwe mphaka amanolerapo zikhadabo, uulowetse m'nyumba. Aliyense akabwera kudzabwereka mipando ya maliro kapena ya ukwati, umupatse ina yonse, umenewo ayi, ngakhale atakutcha mchemwali wa bere limodzi. Watsala wokha. Ndikadzabwera ku msonkhano wa banja mu Julaye ndidzafuna kukhalapo pang'ono. Ndipo usavutike kuyala pansi chaka chino. Bedi lako ugonapo wekha, chifukwa tikiti ndagula imodzi.

Undiperekere moni kwa alamu anga a Cleophus, uwauze asakwere padenga okha. Moni kwa msuweni wathu Idella, kwa ana ako onse ndi apongozi ako, ndi kwa adzukulu asanu ndi mmodzi aja, makamaka wamng'onoyo amene sindinamunyamulepo. Ukapita kumanda kukasesa, za mpandozi usawauze atate. Ndidzawauza ndekha.

Khala bwino, ndipo ndodo uzilowa nayo m'tchalitchi.

Ndine mkulu wako,
Vernice