Mkanda wakhumi wa a Januária

Lachiwiri, 3 Okutobala
Sabata ziwiri chitulukire m'chipatala akazi anga a Januária. Mkono ndi mwendo wakumanja zakufa, mawu osatuluka. Mulungu naye nthabwala ali nazo: kutseka pakamwa pa munthu wopemphera, n'kusiya panga, ine wolongolola amene Majaua yense adatopa naye.

Kuyambira kukampu ku Malawi, nthawi ya nkhondo, iwo m'mawa uliwonse kolona kaye, kudya pambuyo. Ine yanga inali Amen wa pakhomo, khasu lili paphewa. Tsopano phala akulikana, maso ali pa kolona yapamsomali. Ndamva. Mawa ndiyamba ine.

Lachitatu, 4 Okutobala
Tsiku la mtendere, lokumbukira kutha kwa nkhondo. Chaka chilichonse amanditenga ku posto, ku maofesi a boma, kukasimba momwe tidawolokera Ruo, nkhuku pamutu, madzi m'khosi. Lero ndakana. A Florentino, mkulu wa kapela yathu, anadzanditenga pa njinga, koma abwerera pakaliyala palibe munthu. Akuti, "Madala, inu kukana maikolofoni? Mvula igwa lero."

Kolona yonse ndanena, mkanda ndi mkanda, dzanja lawo lamoyo lili m'langa. Magawo anayi bwinobwino. Nditamaliza gawo lachisanu, andifinya chala mpaka kuwawa. Phala masipuni awiri basi.

Lachisanu, 6 Okutobala
Dzulo chimodzimodzi, lero chimodzimodzi. Ndimati mwina ndikuthamanga, ndayenda ngati nkhono. Ndimati mwina Tikuoneni Maria wanga wasakanikirana ndi Chipwitikizi, a Florentino andimvetsera, akuti ali bwino. Nanga ndikulakwa pati?

Mwana wathu Carlota waimba kuchokera kumsika ku Milange. Akuti, "Papa, abwerere kuchipatala akawaike madzi, mapemphero si chakudya." Akunena zoona. Koma amake ndikuwadziwa, sadya kolona isanathe, ndipo kwa iwo sinathe. Ndamupempha andipatse masiku. Sindisiya.

Lolemba, 9 Okutobala
Ndaipanga lero, ine chitsiru chaimvi.

Ndawerenga mikanda pakhonde. Gawo lomaliza isanu ndi inayi, kenako ulusi wokha. Ndasangalala ngati wapha gwape! Ndaboola njere ya kumunda, ndamanga ndi ulusi wa thumba, khumi yakwana. Ndawaonetsa ndikumwetulira.

Aponya kolona pansi ndi dzanja limodzi lomwelo. Misozi yopanda mawu, nkhope kukhoma. Lero ngakhale madzi ayi.

Carlota akuti Lachinayi akubwera ndi galimoto, ndifune ndisafune.

Lachiwiri, 10 Okutobala
Kwabwera a Ermelinda, mnzawo wa kukampu, ndi ufa pang'ono. Ndawaonetsa ntchito yanga. Akuti, "Inu mumasimba za dziko lonse, ya m'nyumba mwanu simuidziwa? Mkanda umenewo sudatayike. Uli ku Malawi, m'dzanja la Mavuto."

Mavuto. Chisamba chathu. Zaka zitatu, kolera, masiku awiri okha. Ife amuna tinali kokumba manda, akazi akusambitsa thupi. Pamenepo ndi pamene amake adadula mkanda n'kumufumbatitsa. Ndiye m'mawa uliwonse, ikatha isanu ndi inayi, amagwira ulusi wopanda kanthuwo, kutchula dzina lake, n'kunena wakhumi. Zaka makumi atatu ndi zisanu. Ine ndili pakhomo ndi khasu.

Nthano zanga zonse za nkhondo, za nkhuku, za msilikali adathawa mbuzi, mwanayo mulibemo. Ngakhale kuitana ndidasintha, atabadwa wachiwiri ndidati amake Carlota, n'kuyesa kuti ndakwirira.

Usimbe zonse, dzina la mwana wako likukanike. Mawa lituluka. Lisandiphe, koma lituluka.

Lachitatu, 11 Okutobala
Njere yanga ndadula ndi mpeni iwo akuona. Tayamba dzuwa likutuluka. Gawo lachisanu: woyamba, wachiwiri, mpaka wachisanu ndi chinayi. Chala changa pa ulusi. Lilime limene silidapumepo lauma ngati chikuni. Iwo osafinya, kungodikira.

Ndatchula. Mawu atuluka ang'ono, ngati si anga. Kenako Tikuoneni Maria mpaka Amen, ndipo Amen ameneyo milomo yawo yagwedezeka nane.

Ndatenthetsa phala. Ndati, "Amake Mavuto, idyani."

Mbale yonse.

Carlota abwere ndithu mawa, galimoto ikhale panja. Akhale nafe pamphasa kaye, ali ndi mlongo wake woti amve za iye. Khasu lidikire.