Jekete Lanu Lachapidwa

Patha zaka zinayi chitisiyireni, bambo a ana anga, koma zikuoneka kuti anthu ena uthenga wa maliro anu sunawapezebe. Timadzukabe n'kupeza mbuzi yomangidwa pageti, ina yothyoka mwendo, ina yamphere, mwini wake osaoneka.

Ndinkakukalipirani kuti pakhomo pano mwapasandutsa chipatala. Inu munkangoseka mpaka kutsokomola, uku mukusenga ziboda za tonde wa eni ake ndi mpeni wanga wa kukhitchini. Munkati chiweto chotayidwa sachifunsa kwawo, amayamba achipatsa madzi. Lero womasula zingwe zija ndine. Sindinagulitsepo ngakhale imodzi, chonsecho mwana wanu woyamba sasiya kunena kuti msana wanga watha.

Adona, mbuzi yakhungu ija munaitola m'ngalande, akadalipo. Mwano wawo mukuudziwa: sadya za m'manja mwa munthu wina. Mutapita anakana msipu, anakana madeya, mpaka ndinavala jekete lanu lakuda la kukhola lija. Ananunkhiza mkono wake, n'kuyamba kudya. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuwadyetsa nditalivala, kuzizire kutenthe, ndipo nthawi yonseyi linali lisanaonepo sopo.

Mwezi wathawu mpongozi wanu, ndi mtima wake wabwino, analipeza pamsomali n'kulichapa. Anachita kulisita. Sindinamukalipire, analira yekha zokwanira. Koma Adona ananunkhiza kamodzi n'kutembenukira kukhoma. Nthiti zinayamba kuonekera. Ndinayesa chipewa chanu, ndinayesa nsapato, ndinayesa ngakhale kutsokomola ngati inu, ine munthu wamkulu ndi imvi zangazi. Ayi ndithu. Ndinauza mwana wanu kuti akumbiretu dzenje kuseri kwa khola.

Lamulungu masana, dzuwa lili pamutu, ndikuyanika zovala, ndinaona Adona akudzuka. Anayenda molunjika, osagunda kanthu, mpaka pachitsa chija munkakhalapo. Anapendeketsa khosi monga ankachitira mukamawakanda kuseri kwa nyanga, kamchira kakugwedera. Mbuzi zina zonse zinasiya kubzikula, maso ali pachitsa. Panalibe munthu, ngakhale kamphepo kunalibe. Atatero anaweramira m'ndowa n'kumaliza madeya onse. Mpaka lero amadya, koma pachitsa pomwepo, masana okhaokha.

Ine si wa zamasomphenya, mukundidziwa. Dzenje lija takwirira, nkhani sindinauze aliyense. Koma ndikufunseni, bambo: ngati mumafika kukhola, chimakuletsani n'chiyani kudutsa bwalo laling'onoli kudzafika pakhonde? Kapena mwano wanga uja mukuuopabe? Bwerani, za mpeni sindidzanenanso.

Ana anu, mpongozi wanu ndi adzukulu amakulirani. Ine nthawi yolira ndilibe, ntchito munandisiyira yambiri. Koma dzuwa likafika pamutu ndimasiya zonse, n'kukhala pakhonde chitseko chili chotsegula.

Kukuiwalani sitidzakuiwalani.

Ndine mkazi wanu, pamodzi ndi ana ndi adzukulu.