Amayi Asiya Kumwa Madzi

Empumalanga, Hwange
Okutobala 2007

Wokondedwa mng'ono wanga Pachalo,

Ndikupatsa moni m'dzina la Ambuye. Kodi uli bwanji ku Joni kumeneko? Nanga alamu athu a mawa akudzuka bwanji, pamodzi ndi makolo awo? Kuno bambo a kunyumba a Stanford ali bwino, akupitabe ku shifiti, ana nawonso akudzuka bwino. Ine thupi lili bwino, koma mtima wapsa, ndipo waupsereza ndiwe.

Ndalemba m'Chichewa dala. Ndikudziwa kuti uwerenga mojejema ngati mwana wa Giredi Wani, poti kumeneko unasanduka Beverly, koma sindikufuna kuti alamu atole pepalali n'kumva zimene wachita. Foni ndayesa. Ukayankha umati uli kwa telala ukuyesa diresi, undiimbira, osaimba. Ndiye kalatayi ndapatsira dalaivala wa malayitsha, aja onyamula katundu pakati pa kuno ndi Joni, amene akunyamuka mawa.

Amayi anagwa. Ali moyo, usakuwe, koma khala pansi uwerenge mpaka kumapeto.

Ukukumbuka mwezi wa Ogasiti, titakutumizira chithunzi chawo chimene unapempha kuti uonetse apongozi ako? Unawaimbira, ndipo foni ya a Stanford imalankhula mokweza, zonse ndinamva. Sunafunse ngati adya, chikhalirecho ukudziwa kuti m'mashopu kuno mwatsala mashelefu okha. Unayamba ndi maso. Unati timatumba ta pansi pa maso awo takula, pachithunzi akuoneka ngati munthu amene wagona akulira kapena wamwa usiku wonse. Unati apongozi ako ndi a msinkhu womwewo koma nkhope ili see ngati ya mtsikana.

Kenaka unayala njira zako ngati ukugulitsa tomato pamilu. Unati dokotala wa kumeneko akhoza kucheka mkati mwa chikope n'kuchotsa mafuta, chipsera osaoneka. Kapena acheke kunja, m'munsi mwa nsidze, adule khungu lotsala n'kusoka. Kapena abaye jakisoni wodzaza pamene palowa, kapena awotche khungu ndi makina a kuwala kuti likungike. Unati asankhe msanga kuti bala lipole ukwati wako wa Disembala usanafike, ndipo akaopa, avale magalasi akuda pojambulitsa.

Amayi anafunsa funso limodzi lokha, loti kodi m'timatumbamo muli chiyani. Iwe unayankha mothamanga kuti ndi mafuta, mwinanso madzi, dokotala akaona. Iwo anati zikomo mwanawe, n'kubweza foni.

Ine ndinaseka tsiku limenelo, poyesa kuti nkhani yathera pomwepo. Amayi amene anakhala ndi dzino lobooka zaka zitatu chifukwa choopa pulayala, angalole mpeni pafupi ndi diso? Koma magalasi aja unawatumizadi, ndipo anayamba kuwavala, kutchalitchi komwe. Anthu ankabwera kudzandifunsa ngati achotsedwa ng'ala.

Ukudziwa mmene Hwange imatenthera mwezi uno. Phula limamata ku nsapato, fumbi la malasha limakhala pakhosi, ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. M'kutentha kumeneko amayi anasiya kumwa madzi. Tiyi ankakana, amvekere tiyi wopanda shuga ndi chilango. Madzi ndikawapatsa ankalowa nawo kuchipinda, kapu n'kutuluka youma. Ndinkangodabwa kuti mpiru wa kuseri kwa zenera lawo wabiriwira bwanji pamene dimba lonse lapserera.

Lachinayi lapitalo anapita ku Mvano atavala yunifolomu yawo, magalasi ako ali pamphuno. Ataimirira kuti ayambitse nyimbo anangoti khu pansi. Makombi, maminibasi athu aja, kunalibe chifukwa cha kusowa kwa mafuta. Mayi Tecla, anzawo aja a kwaya, anabwereka wilibala ya malasha, n'kuyalamo chitenje, ndipo amayi a Mvano anasinthana kukankha mpaka kuchipatala. Amayi ako, Pachalo, anadutsa Empumalanga yense pa wilibala, miyendo ikulendewera, bulauzi yoyera itada bii. Ine anakanditenga kumsika, ndinasiya katundu ali poyera.

Adokotala anati thupi lauma ndipo impso zavulala. Anandifunsa mondikalipira ngati kunyumba kwathu kulibe mpopi. Ndinachita manyazi ngati ndine ndawamana.

Atatsitsimuka ndinawafunsa chifukwa chake. Anandiyankha ngati zimene akunenazo n'zanzeru kwambiri:

"Abambo anu anagwira pa mapampu pansi pa mgodi moyo wawo wonse. Ankati mgodi ukadzaza, usanapope uyambe watseka kumene madzi akulowera. Manje mwana wati muli madzi. Mpeni ine aikona, ndiye ndatseka."

Ndinatuluka kukalirira pakhonde.

Anawaika diripi. Mmawa mwake anapempha kalilole kwa mayi wa pabedi loyandikana ndi lawo, ndipo ataona kuti timatumba tija tabwereranso, anazula singano. Anamwino anachita kuwamanga dzanja ndi bandeji ngati mwana. Mankhwala ndi mabedi n'zosowa masiku ano, choncho atangopezako pang'ono anatitulutsa, n'kutiuza kuti chimene chingapulumutse impso zawo ndi kumwa madzi, apo ayi ulendo wina sitidzabwera nawo akuyenda.

Tsopano ali kunyumba, ndipo sakumwa. Ndikaimirira pamutu pawo amanyowetsa milomo, ndikatembenuka alavula. Abusa abwera, awapempherera, iwo n'kuvomera ameni, kapu osaikhudza. A Stanford awachonderera atagwada, mkamwini wathunthu. Ine ndakalipa, ndanyengerera, ndawauza kuti nkhope yawo ilibe vuto. Ati iwe Letty wandizolowera, sungaone, amene waona ndi amene ali kutali.

Ndiye ndikufunse. Timatumba timeneti wationa lero? Agogo anali nato, amalume ali nato, ine ndili nato, ndipo iwe ukadziyang'ana bwino mmawa usanadzole zodzola zakozo utipeza tikubwera. Pamaliro a abambo, anthu ochokera ku Ingagula amene sanationepo ankatiloza kuti awa ndi ana a mayi Emeliya, poona maso. Maso amenewa ndi amene ankadzuka kusanache kukoleza malasha kuti abambo apite ku shifiti atadya. Ndi amene anafiira ndi utsi akuphika zitumbuwa zogulitsa pageti la sukulu kuti iwe ufike Fomu Sikisi. Nthawi imeneyo sunati akuoneka ngati amwa.

Mwambi uja wa mwendo wochepa sindikuuza, ukuudziwa. Koma wina ndikukumbutsa: ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Iwe unasiya mlomo m'nyumba muno, ndipo tikugona nawo, kudzuka nawo.

Usandiyankhe kuti unkafuna zabwino. Ndikudziwa kuti ukuopa kuchepa pamaso pa anthu olemerawo, ndipo kumeneko aliyense amakonzetsa chimene sichikumusangalatsa. Amene akufuna kucheketsa nkhope yake acheketse, ndi yake. Iwenso ukafuna pita, sindikuletsa. Koma amayi sanadandaulepo za maso awo kufikira tsiku limene mwana wawo wokondedwa anawauza kuti sakuyenera kujambulidwa. Ngati apongozi akowo sangalandire mayi wa timatumba, ndiye kuti iwenso sanakulandire, angolandira Beverly.

Chimene ndikupempha n'chimodzi. Usatumize magalasi ena, usatumize mafuta odzola, ngakhale golosale pano sitikuifuna. Bwera. Kwera basi ya ku Bulawayo, kumeneko ukwere sitima ya ku Falls, ikusiya pano. Ukhale pamphasa pafupi nawo, uwayang'ane m'maso momwemo, uwauze ndi pakamwa pako kuti unalakwa, kuti ukufuna aimirire pambali pako pachithunzi monga alili. Kenaka uwapatse kapu ndi manja awiri. Kwa iwe alandira. Ngati abwana ako akukaniza, imba tsiku lomwelo limene ulandire kalatayi, ndipo usalankhule Chingerezi kapena Chindebele, ulankhule chimene anakuyamwitsa nacho.

Ukapanda kutero, diresi lakolo usoketse ndithu, koma ine pa ukwatiwo usandiyembekeze, ndipo sindikudziwa ngati mpando wa amayi udzakhale ndi munthu.

Amayi sakudziwa zimene ndalemba muno. Andiona ndi cholembera n'kufunsa ngati ndikulembera iwe. Nditavomera, ndawafunsa ngati ali ndi mawu. Milomo yawo ndi yosweka, moti ndachita kuwerama kuti ndimve. Ati:

"Umuuze asade nkhawa. Ndikuyesetsa. Pofika Disembala timatumbati tikhala titaphwa."

Undiperekere moni kwa alamu ndi makolo awo. A Stanford, ana ndi mayi Tecla akuti moni. Mulungu akusunge panjira, ndipo akufewetse mtima msanga.

Ndine mkulu wako,
Letty