Diso pa chofunda

Bambo a Tiwonge,

Ndathamangira ku Misuku, amayi adwala, lole ikunyamuka. Chofunda cha tizigamba tooneka ngati timawindo ndimasoka chija ndachibisa pansi pa matiresi, chonde musachiyanike. Podula tizigamba sindinaone kuti kamodzi ndi ka nsalu ya chipani, ndiye pawindo lapakona pakusuzumira diso la mwini dziko. Mawa amayi a chipani akubwera kudzachiona!

Tengani lezala, mudule ulusi m'mbali zinayi zopinda za windolo, muchotse kachigambako. Mulowetse kobiriwira kali m'chitini, mupindenso n'kusoka. Kochotsako musakataye kudzala, anthu amatola.

Pepani, ndikudziwa singano simunaigwirepo. Koma bola msoko wokhota kusiyana n'kuti Tiwonge azikationera kundende.

Yewo,
Eluby