Dzina lofufutika popanda wodina

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Nanga bondo lija lasiya kuvuta? Ine thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo.

Paja kampani yathu imasamala webusaiti imene odwala amasungitsirapo malo kuchipatala. Wodwala aliyense timamutumizira linki pafoni yoti adine ngati sabwera. Linkiyo imafikira pakhomo limodzi la pulogalamu, pomwe pamabwera mapempho amitundu iwiri. Lina ndi longofuna kuona tsamba, timati GET. Lina ndi lotsimikiza kuti dzina lifufutidwe, timati POST. Mnzanga wa tebulo loyandikana nalo, amene timamutcha Kamagalasi, analemba khomolo osasiyanitsa. Ngakhale wongosuzumira, dzina linkafufutika.

Tsoka ilo, mafoni ena amasuzumira okha mu linki, mwiniwake asanakhudze n'komwe. Bambo wina wodwala impso anafika pa tsiku lake n'kupeza malo ake atapatsidwa wina. Anabwezedwa, ndipo pano ali chigonere m'chipatala. Mwana wake anabwera kuofesi kwathu. Sanakalipe, anangofunsa kuti anadina ndani, poti bambo ake sadziwa n'kuwerenga komwe.

Kamagalasi amuchotsa ntchito. Chilolezo chokhalira kuno kudziko la eni chimayendera ntchito, ndiye akulongedza katundu kubwerera kwawo. Khomolo abwana andipatsa ine, ati zikachitikanso sadzafunsa zambiri. Ndakonza: wongoona amafunsidwa kaye, wotsimikiza yekha ndiye amafufuta. Koma pofufuza ndapeza makomo enanso olembedwa chimodzimodzi, ndipo sindikudziwa ngati ndawapeza onse. Ndikuopa, achimwene. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pempho langa ndi limodzi. Alamu anu akufuna kusiya uphunzitsi mwezi uno ukatha kuti abwere kuno ndi ana. Chonde pitani mukawauze adikire kaye, asapereke kalata yosiyira ntchito. Ine ndinayesa pafoni, koma atandiuza kuti kamtsikana kanga kamagona katakumbatira chikwama chake cha ulendo, ndinangoti zonse zili bwino. Inu amakumverani.

Moni kwa azakhali ndi amalume. Amayi muwapatse moni wokhawokha, izi asamve. Ana anga akakufunsani, muwauze kuti chipinda chawo ndapenta kale. Pa zimene ndinawalonjeza, zokhazo ndi zimene ndingalumbire.

Ndine mng'ono wanu,
Chitsirizira wa amayi