Mabokosi a Maloboti Anga

Achimwene,

Moni kumeneko ku Joni. Kuno tili moyo, koma mwendo wa amayi ukutupabe.

Zimene akukuuzani atsibweni, zoti ndapenga ndipo ndikulirira zidole ngati khanda, ndi bodza. Munthu woti sanapondeko pakhomo la univesidade angadziwe chiyani? Maloboti a m'makatuni akale aja, osanduka galimoto, ndinkawagula ku Nampula ndikugona ndi njala. Ogula amawafuna ali m'bokosi losatsegula. Bambo wina wa ku Maputo anavomera kutenga onse, ndipo ndinkati ndi ndalamazo ndibwerere kusukulu ndikamalize chaka chotsala chija.

Sabata yatha ndinakwera chapa, minibasi ya kuno, kupita ku Insaca komwe kuli netiweki kukamutumizira zithunzi. Pobwera ndinapeza maloboti ali ndandanda pakabati, mabokosi palibe. Nditafunsa, amayi anayankha akumwetulira: "Alendo aziona bwanji zinthu zotsekera? Ndazitulutsa, ndazikwechanso ndi mchenga kuti ziwale. Mabokosiwo ndi olimba bwino, ndawapezera ntchito."

Utoto wonse unayalulika. Wa ku Maputo uja ataona zithunzi zatsopano sanayankhenso. Sindinakalipe. Mayi wako wotsimphina, amene akuyesa kuti wakuthandiza, ungamukalipire bwanji? Pano ndikusoka maukonde a atsibweni omwewo ku Chiuta. Digiri yanga ndi imeneyo.

Musanditumizirenso mabuku. Tumizani mankhwala a mwendo basi. Mulungu akusungeni pamodzi ndi alamu.

Ndine mng'ono wanu,
Yusufu

Matemba amene amayi akutumizirani pa basi ali m'bokosi la loboti wofiira uja.