AEllison Anyamuka Okha

Loweruka, 4 Meyi

Apita. Ndawaperekeza mpaka kugombe la chilumba chino, pokwerera sitima, ufa wawo wa kondowole pamutu. Sindinalire. Mkwiyo unalipobe.

Zaka zinayi amuna anga aEllison akukonza minibasi yathu yakale kwa mng'ono wawo ku Nkhata Bay. Anachotsa mipando n'kuikamo bedi, kabati, chitofu cha gasi. Makatani ndinasoka ine. Pangano linali loti ndikapuma pa uphunzitsi mu Disembala, tizungulire Malawi yense awiri, kumalizira kwathu ku Thyolo. Kenako sabata yatha: “Mayi a Vanessa, ine ndinyamuka mwezi uno.” Chifukwa osanena. Miyezi isanu ndi iwiri yokha yawakanika kudikira.

Ana anga a Sitandade 8 alemba mayeso pa 22. Ndikanawasiyira ndani?

Lachiwiri, 7 Meyi

Foni kuchokera ku Livingstonia. Akuti msewu wa m'phiri wokhotakhota, injini inatentha kawiri. Akuseka ngati mnyamata. Anagwira chiwongolero cha ambulansi zaka makumi atatu, akuti malo onsewa ankangowadutsa ndi wodwala kumbuyo, osayang'ana kumbali. Ndangoti, “Chabwino.” Nditadula ndadzida.

M'kalasi ndapezeka ndaika chala pa mapu, pa Rumphi, pomwe phunziro linali la masamu. Ana kuyang'anana.

Lamlungu, 12 Meyi

Kutchalitchi malo awo opanda munthu. Nyimbo yachiwiri ija amakonda kuyamba msanga, anthu asanapume. Lero tonse tayambira pamodzi bwinobwino. Sizinandikomere.

AEliness, oyandikana nawo nyumba, potuluka: “Mwamuna wopita yekha ndi bedi m'galimoto, inu mwakhala chete?” Ndaseka nawo. Njira yonse yobwerera kunyumba ku Khuyu mawuwo ali m'mutu.

Mwera wayamba. Chitseko cha kukhitchini chikungomenya, amene amadziwa kuchimanga kulibe.

Lachitatu, 15 Meyi

Chitipa afika, abwerako. Tsopano ali ku Karonga. Andiuza za fungo la mpunga pamsika, za achinyamata a njinga oyankhula Chinkhonde, za mphepo ya ku Misuku. Ndafunsa mapiri akuoneka bwanji. Angoti, “Aakulu.”

Akuti amaimika galimoto 3 koloko masana tsiku lililonse. AEllison, amene ankadana ndi kuima panjira ngakhale kugula nthochi?

Ndaphika usipa wa anthu awiri. Dzanja lazolowera.

Loweruka, 18 Meyi

Ndimafuna kuchapa jekete yawo ya kutchalitchi. M'thumba lamkati, buku lawo la kuchipatala. Analembamo mu Malichi, ku Mzuzu, ulendo uja anati akukagula matayala.

Diso lamanja silionanso. Lamanzere likutsatira. Adokotala analemba kuti asiye kuyendetsa galimoto chaka chisanathe.

Ndakhala pansi pa mlambe, jekete pamiyendo, mpaka madzi m'beseni kuzizira. Miyezi iwiri tikudya mbale imodzi. Kapu ija anagwetsa. Tsiku lija anandidutsa pamsika, ine n'kuwanena kuti akunyada.

Lamlungu, 19 Meyi

Ndaimba ine. Ali ku Kasungu. Ndangowerenga zolembedwa m'bukumo, tsamba lonse. Sanakane.

“Mukanadziwa mukanandiletsa,” atero. Zoona, ndikanawaletsa. “Disembala ndi kutali, mayi a Vanessa. Ndimafuna ndione kaye, kuti podzapita nanu ndizidzakuuzani kuti apa pali chakuti.”

Ndawakalipira. Ndati pamsewu pali ana a eni. Ndati ndine mkazi wanu, si mlendo. Kenako talira tonse, foni mpaka kutentha kukhutu.

Ndawapempha aime pomwepo. Ati aganiza.

Lachiwiri, 21 Meyi

Dzulo foni osayankha. Lero osayankha. Vanessa ku Blantyre nayenso sakuwapeza. Ndamuuza zonse, wakwiya ndi tonse awiri.

Mawa mayeso. Ndasongola mapensulo makumi asanu ndi limodzi. Kuyang'ana foni, kusongola, kuyang'ana foni.

Chilumba chino ndinabwera ndili mtsikana, ndi kalata ya boma ndi sutukesi imodzi, ndimvekere zaka ziwiri ndibwerera. Sichinandichepere ngati lero. Madzi mbali zonse.

Lachinayi, 23 Meyi

Aimba. Ali ku Dedza.

Lolemba anatsala pang'ono kugunda mayi wa njinga, mwana kumsana. Mayiyo anatulukira mbali ya diso lakufa lija. Palibe wavulala, tomato yekha kumwazika. Anamutolera, napepesa. Atabwerera pampando sanathenso kuyendetsa. Anthu anawathandiza kukankhira minibasi pabwalo la tchalitchi china chapafupi, ndipo ili pomwepo. Makiyi apereka kwa abusa kuti asayesedwe. Masiku awiri amachita manyazi kundiuza.

“Ndathera pano,” atero. “Zomba, Mulanje, Thyolo, zatsala.”

Akuti kukuzizira koopsa. Juzi anaiwala, ili pano pa msomali.

Lachisanu, 24 Meyi

Pepala lomaliza latha 12 koloko. Ana kuthamangira kunyanja, kukuwa. Ine molunjika ku ofesi. AMclean, ahedi athu, amva zonse osandidula. Andipatsa masabata awiri. “Zotsalazo tidzaona, amayi. Pitani.”

Vanessa wapempha tchuthi. Laisensi ali nayo, ngakhale sanayendetsepo chinthu chachikulu chotere. Akuti bambo ake akhale pambali azimuuza magiya. Tikumana ku Dedza Lolemba. Bedi ndi limodzi, anthu atatu. Kaya.

Nkhuku ndasiyira aEliness. Ndawauza chifukwa chake. Agwira pakamwa.

Loweruka, 25 Meyi

Pagombe, kudikira sitima. Nyanja yoipa, ndipo ine ndimasanza ngakhale pa bata. Ndikwerabe.

Ndawaimbira aEllison kuti ndanyamuka. Afunsa ndavala chiyani. Ndati diresi yabuluu ija ya pa ukwati wa Vanessa. “Muvale yomweyo Lolemba,” atero. “Ndikufuna ndikuzindikireni muli patali, musanandiyankhule.”

Inali yoti ndikasinthe ku Nkhata Bay. Ndikaichapa kumeneko, iume isaume.

Sitima yalira. Anthu ayamba kunyamula katundu